Chotenthedwa ndi Chosungidwa: Mbiri ya Luso la Manja ku Mua

M'midzi ya Achewa ya kunsi kwa mapiri a Dedza, kuyambira ku Golomoti kudzera pa Mua mpaka ku Mtakataka, ntchito yaluso yolemera koposa inkathera pamoto, ndipo kumene mwambo udakali wolimba ikutherabe pomwepo. Mpalo ukayandikira, amuna olowa gule ankachezera ku dambwe masiku angapo, akupinda nsungwi, akuluka makoko a chimanga, akupota khonje, mpaka Kasiyamaliro ataima ndi msana wake wokhota, kapena Chimkoko chofuna miyendo ya anthu ambiri kuti chiyende. Chilombocho chinkatuluka usiku, n'kuvina pabwalo, n'kuperekeza mzimu wa malemu, ndipo mwambo ukatha chinkatenthedwa. Panalibe wodandaula kuti luso lapita pachabe, pakuti aliyense ankadziwa kuti maliro ena akadzagwa, manja omwewo adzaimikanso china. Pafupi ndi mabwalo omwewa, pa mishoni ya Mua, pali nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare, momwe muli zigoba za gule zoposa 400 zotetezedwa ku chiswe, ku mvula ndi ku moto. Mwambo wotentha ndi mwambo wosunga akhala moyang'anizana kwa zaka zoposa 20 tsopano, ndipo munthu wofulumira angati wosungawo ndiwo udapulumutsa luso la kuno. Mbiri ikunena zina. Chimene chafikitsa zojambula ndi zosema za dera lino mpaka lero ndi kusaduka kwa mzere wa anthu odziwa kuzipanganso, ndipo nyumba yosungira imakhala ndi moyo pokhapokha kuseri kwake kukumveka kasemasema.

Nkhaniyi imamveka msanga ikayikidwa pambali pa ina ya kutali. Kampani ya Disney ya ku America idatchuka ndi makatuni ojambula pamanja, pepala ndi pepala, monga filimu ya Snow White and the Seven Dwarfs ya mu 1937. Pa sekondi iliyonse ya filimu pamadutsa zithunzi 24, choncho kuti kanyama kangotembenuza mutu pankafunika mulu wa mapepala, lililonse losiyana pang'ono ndi linzake. Mu 1989 kampaniyi idatsegula malo achisangalalo a Disney-MGM Studios ku Florida, ndipo chimodzi mwa zokopa anthu kumeneko chinali kuima kuseri kwa galasi n'kumaonerera ojambula enieni ali pa ntchito. Mafilimu a Mulan, Lilo & Stitch ndi Brother Bear adajambulidwa m'zipinda zimenezo. Koma Toy Story ya mu 1995, yopangidwa yonse pa kompyuta, idasintha msika, ndipo mu Januwale 2004 ojambula a ku Florida adauzidwa kuti ntchito yatha. Malo oonetserako adatsalabe otsegula kufikira mu 2015, pomwe adatsekedwa, okonda malowo n'kulira kwambiri. Kulirako kudachedwa ndi zaka 11. Chimene chidatsekedwa mu 2015 chinali chipinda chokumbutsa za ntchito, pomwe ntchito yeniyeniyo idali itabalalika kale pamodzi ndi eni ake. Umboni wake ngwakuti kampaniyo itafuna kujambulanso pamanja filimu ya The Princess and the Frog ya mu 2009, mapepala akale ambirimbiri idali nawo m'nkhokwe zake, koma idachita kuitananso ojambula amene idawabalalitsa, ndipo itatulutsa Winnie the Pooh mu 2011 idasiyanso mafilimu aatali a mtunduwu.

Kwathu kuno umboni wakale koposa uli pamwamba pa chitunda, ku mapiri a Chongoni, kumene bungwe la UNESCO lidalemba malo 127 a zojambula za pamiyala m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zojambulazo zili mitundu iwiri. Zofiira, za mizere, madontho ndi zozungulira, ofufuza amati n'za Akafula, alenje amene Achewa adawapeza m'dziko muno. Zoyera, zopakidwa ndi dothi loyera, zoonetsa tinyama totambasula miyendo ndi zilombo za gule, n'za Achewa eniake. Ku Mphunzi, ku Chentcherere ndi ku Namzeze mitundu iwiriyi imapezeka moyandikana, nthawi zina china pamwamba pa chinzake, ndipo mwala wasunga zonse mosakondera. Komabe zofiirazo zidasanduka zosalankhula. Akatswiri amangolingalira kuti mwina zinkanena za mvula kapena za kubereka, chifukwa palibenso munthu amene adaphunzira kuzijambula kwa mayi ake kapena kwa atsibweni ake. Zoyerazo zimamveka, popeza anamkungwi ndi akuluakulu a gule adakalipo ndipo akaziona amazizindikira. Palibe nyumba yomangidwa ndi anthu imene ingasunge chithunzi zaka zochuluka kuposa mwala wa Chongoni, koma ngakhale mwalawo udalephera kusunga tanthauzo la zithunzi zimene ozijambula ake adatha.

Amayi nawo anali ndi luso lawo lotha msanga. Pa chinamwali anamkungwi ankaumba tizifanizo ta dothi tophunzitsira namwali, n'kumuveka chingondo kumutu, chokongoletsedwa ndi madontho oyera, ofiira ndi akuda, ndipo mwambo ukatha zonse zinkaphwanyidwa kuti wosavinidwa asazione. Kuphwanyako kunali ndi phindu lina losanenedwa: chaka chilichonse wina ankayenera kuumbanso, ndipo mtsikana wothandiza namkungwi ankaphunzira poona ndi pogwira.

Mwambo woterewu udayesedwa zolimba m'zaka za m'ma 1800 ndi 1900. Angoni a Maseko atakhazikika m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu sadaukonde gule, popeza unali bwalo la Achewa lomwe iwo sankalilamulira, ndipo ofufuza ena amati zilombo zojambulidwa m'mapanga a Chongoni zidachuluka m'nyengo imeneyi, pomwe kuvina poyera kunali kovuta. Pakati pa Angoniwo, nyumba ya Chifisi itasemphana ndi ya Chikuse ndi mwana wake Gomani, anthu a Kachindamoto, wa nyumba ya Chifisiyo, adatsikira kuchigwa m'zaka za m'ma 1890 n'kukhazikika ku Mtakataka, pakati pa Achewa ndi Ayao a m'mbali mwa nyanja. Ansembe a chipani cha White Fathers, amene adayesa kukhala kwa Mponda kuyambira 1889 n'kuchokako mu 1891, adabwerera n'kumanga misasa pa Mua mu 1902. Mishoni ya Mtakataka idatsatira mu 1908, ya Bembeke mu 1910, malo osamalira odwala khate adatsegulidwa pa Mua mu 1927, ndipo njanji yopita ku Salima idadutsa chigwachi mu 1935. Pa zonse zimene zidabwera ndi alendowa, chimene chidautsa mkangano waukulu chinali sukulu, chifukwa sukulu ndi dambwe zinkalimbirana anyamata omwewo a msinkhu womwewo. Mnyamata wolowa gule ankasiya sukulu, wobatizidwa ankaletsedwa kuyandikira bwalo, ndipo maliro a munthu mmodzi ankatha kugawa mudzi pakati. Ian Linden, m'buku lake la mu 1974 lonena za Akatolika ndi kukana kwa Achewa m'Nyasaland, adafotokoza mmene mkanganowu udakulira m'zaka za m'ma 1920 kuzungulira Mua ndi Mtakataka, ansembe ndi aphunzitsi awo akulimbana ndi mizinda ya gule, milandu ikukafika kwa bwanamkubwa wa boma. Boma la atsamunda silidafune kuletseratu gule m'dziko lonse. Lidaona kuti mzinda ndi ulemu wa mfumu, ndipo linkafuna mafumuwo pa msonkho ndi pa bata.

Funso lofunika ndi lakuti chifukwa chiyani mphamvu zonsezi, za Angoni, za mpingo, ndi za sukulu, zidalephera kutseka gule. Yankho lina ndi chinsinsi, lina ndi mphamvu ya mafumu, koma pali lachitatu losatchulidwa kawirikawiri. Gule analibe nyumba yoti n'kugwetsedwa kapena chifanizo chimodzi chopatulika choti chikalandidwa zonse zathera pomwepo. Wolanda chigoba ankalanda mtengo wosemedwa, utoto ndi nthenga, zinthu zomwe mmisiri wa m'mudzi akadazipezanso mwezi usanathe. Wotentha Kasiyamaliro ankangofulumiza chimene eni ake akadachita okha. Ndipo popeza zonse zinkapangidwa mwatsopano nthawi ndi nthawi, amisiri ankatha kuyankha adani awo pogwiritsa ntchito luso lomwelo. Pabwalo padatulukira Simoni, wa nkhope yofiira ya mzungu wopsa ndi dzuwa, Maliya ndi Yosefe otengedwa m'nkhani za m'tchalitchi, bwana wa boma ndi chipewa chake, Galimoto ndi Ndege. Kanema woyendayenda atafika m'midzi, ngakhale Charlie Chaplin adalowa m'gulu la zilombo, ndipo m'zaka zapafupi matenda a Edzi ndi ndale za zipani zambiri zidabala zilombo zawozawo. Apa mmisiri wa gule ndi wojambula makatuni ali pa ntchito imodzi. Onse amatenga khalidwe la munthu, dyera, uhule, ulesi, kudzitukumula, n'kulikulitsa pa mphuno, pa mano kapena pa mimba mpaka woonerera aseke kenako adzizindikire, monga owerenga nyuzipepala ankachitira ndi katuni ya Pewani yojambulidwa ndi Brian Hara. Kusiyana kwake n'kwakuti wa makatuni amayendetsa chithunzi ndi mapepala ambirimbiri, pomwe pabwalo chimayenda ndi mbalule, mpanje, nyimbo za amayi ndi fumbi.

Ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda udatembenuza zinthu. Gule amene dzulo lake ankabisala kwa ansembe adayamba kuitanidwa ku misonkhano ya chipani ndi ku zikondwerero za dziko, kuvina masana pamaso pa anthu a mitundu yonse. Akuluakulu ena adaona ngati uku n'kumuchotsa ulemu, ndipo m'madera ena adagwiritsidwa ntchito poopseza anthu osagwirizana ndi chipani. Koma monga chiletso chidalephera kumupha, kutchuka nakonso kudalephera, pa chifukwa chomwechija: kumudzi maliro ankachitikabe, ndipo dambwe linkaphunzitsabe.

M'nyengo imeneyi ndi mmene mpingo womwe udalimbana ndi gule udayamba kusintha maganizo. Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, udatsegula khomo loti chikhulupiriro chizilankhula m'chinenero, m'nyimbo ndi m'zithunzi za eni dera. Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada yemwenso anali wojambula, adafika m'Malawi mu 1967, adaphunzira chinenero ndi miyambo, adalowa gule, ndipo anthu adamupatsa mfunda wa Chisale. Mu 1976 adayambitsa malo a Kungoni pa Mua. Chofunika kuchigwira bwino apa ndi ndondomeko ya zinthu. Kungoni siidayambe ngati nyumba yoonetsera alendo. Idayamba ngati msasa wa osema, pomwe amisiri a m'midzi yozungulira, odziwa kale kusema mitondo, mipini, ng'oma ndi zina za kudambwe, ankagwirira ntchito pamodzi ndi kuphunzitsa achinyamata. Matchalitchi a m'Malawi panthawiyo ankadalira mafano ndi zithunzi zochokera ku Ulaya, Yesu wa tsitsi lalitali la bulauni ndi Maria wa maso obiriwira. Osema a pa Mua adayamba kutulutsa mitanda, maguwa, zitseko ndi mafano a nkhope za kuno, Maria atabereka mwana kumbuyo, atumwi atakhala pabwalo ngati nduna za mfumu. Ntchito zawo zidalowa m'matchalitchi ambiri m'dziko muno, zina zidakafika ku Vatican, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 adasema zonse za m'kachisi wa bungwe la Missio mumzinda wa Munich ku Germany. Martin Ott adalemba buku lonse la zimenezi, African Theology in Images, lomwe lidatuluka mu 2000.

Nyumba ya Chamare, yotchedwa dzina lomwe anthu ankaitanira Bambo Jean-Baptiste Champmartin, mmishonale wakale wa pa Mua, idabwera patapita zaka zoposa 20 chiyambireni msasa wa osema. Ili ndi zipinda zitatu: china chikufotokoza kufika kwa amishonale ndi kukumana kwawo ndi eni dziko, china n'cha Achewa ndi gule wamkulu, china n'cha Angoni ndi Ayao. Makoma ake akunja ali ndi zithunzi zojambulidwa pamanja zolondoloza mbiri ya dziko lino, kuyambira nthano za chiyambi cha anthu, kudzera pa ufumu wa Maravi, malonda a akapolo ndi nkhondo za Angoni. Zithunzi zimenezi zimaonetsa chimene kamera singathe, popeza kamera imajambula chokhacho chili patsogolo pake tsiku limenelo, pomwe dzanja limatha kuika pakhoma limodzi zinthu zomwe palibe wamoyo adaziona. Zilinso panja, padzuwa la kuchigwa ndi mvula ya dzinja, ndiye kuti zimafuna wozikonzanso. Ngakhale nyumba yosungirayo, tsono, khungu lake lenileni limadalira kuti pakhale wodziwa kugwira bulashi. Mu 2005 UNESCO idalengeza gule wamkulu wa m'Malawi, Zambia ndi Mozambique kukhala chimodzi mwa zaluso zapamwamba za anthu onse, ndipo mu 2012 Bambo Boucher adatulutsa buku la When Animals Sing and Spirits Dance, lolongosola zilombo zambirimbiri, nyimbo zake ndi matanthauzo ake.

Pali otsutsa, ndipo mawu awo ngolemera. Oyamba ndi eni mwambo amene amati kuika chilombo m'nyumba yolowa aliyense wolipira pakhomo n'kuulula za kudambwe. Mwambo sulola n'komwe kunena kuti chilombo chimapangidwa. Umati chimachokera kumanda kapena chimawedzedwa kudziwe, ndipo chigoba chopachikidwa pamtengo, chopanda thupi, chimatsutsa zimenezi popanda kulankhula. Dandaulo limeneli silingathe ndi kungonena kuti woyambitsa nyumbayo adalowa gule kapena kuti adagwira ntchito ndi mafumu, chifukwa chilolezo cha mizinda ina si chilolezo cha Achewa onse, kuyambira ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi mpaka ku Tete. Chimene chinganenedwe n'chakuti chinsinsi chenicheni cha gule sichidakhalepo mu mtengo wosemedwawo. Amayi oimba pabwalo akhala akudziwa zambiri kuposa zimene amanena, ndipo kusanenako ndiko mwambo. Mwambi, chilankhulo cha kudambwe, malangizo a kwa wolowa kumene, izi sizipachikika pakhoma. Ndipo otsutsawa, mosazindikira, akuvomereza mfundo yaikulu ya nkhani ino: chigoba cha m'nyumba ya Chamare si chilombo, chifukwa sichivina. Chilombo chili kumudzi, kumene chikupangidwabe ndi kutenthedwabe.

Achiwiri ndi a masiku ano, amene amati nkhawa yonseyi njachikale. Pa Golomoti pali malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 omwe adayamba kugwira ntchito mu 2022, mafoni ali m'matumba a achinyamata ambiri, ndipo gule akatuluka pamaliro, madzulo ake amakhala ali kale pa WhatsApp ndi pa Facebook. Kompyuta ingathe kujambula chigoba mbali zonse, kusunga nyimbo, ngakhale kupanga katuni ya Kasiyamaliro akuvina. Zonsezi n'zoona ndipo n'zabwino, ndipo Mmalawi wofuna kupanga makatuni a nthano za Kalulu ndi Fisi alibe chifukwa chokanira kompyuta. Koma kanema wa pafoni amasunga chilombo cha chaka chino, sapanga cha chaka chamawa. Simoni sadatuluke m'nkhokwe ya zakale. Adatuluka m'mutu mwa munthu amene adaona mzungu akudutsa m'mudzi, ndipo munthuyo anali ndi dzanja lotha kusandutsa chimene waonacho kukhala nkhope. Ngakhale makampani aakulu a makatuni a pa kompyuta amayambabe ndi ojambula amene amalemba nkhope ndi zochitika ndi dzanja asanazipereke kwa makina. Chongoni watiphunzitsa kale chimene chimachitika zithunzi zikasungika bwino koma ozipanga atatha, ndipo foni siingapose mwala pa kukhalitsa.

Achitatu ali ndi mfundo yopweteka kwambiri, yakuti chopangidwa ndi manja si nthawi zonse chimakhala chaluso. Aliyense woyenda pa msewu wa kunyanja kapena wotsika mapiri a Golomoti waona timisika ta zosemasema pomwe njovu, mvuu, mipando ya mafumu ndi timagalimoto tamatabwa zimafanana ngati zatuluka m'chikombole chimodzi. Msika wa alendo umafuna chinthu chopepuka, chotchipa, cholowa m'chikwama, ndipo mmisiri wa ana asanu sangakangane ndi msika. Dzanja lobwereza njovu yomweyo tsiku ndi tsiku lasanduka makina, ndipo kulitamanda chifukwa choti ndi dzanja n'kudzinyenga. Mfundoyi njoona, ndipo ikutikakamiza kunena momveka chimene tikuteteza. Si thukuta ayi, kapena kuchedwa kwa ntchito, koma kuthekera kosintha: kuona chinthu chatsopano n'kuchipatsa maonekedwe. Kuthekera kumeneku kumakula pomwe pali wofuna chinthu chimene sichinapangidwepo. Dambwe linkachita zimenezi chifukwa mudzi unkafuna chilombo chodzudzula vuto la chaka chimenecho. Kungoni idachita zimenezi pomwe parishi inkabwera kudzapempha guwa kapena chitseko chonena nkhani yakutiyakuti m'maonekedwe a anthu akutiakuti, ndipo osema ankakhala pansi kukambirana za Baibulo ndi za mwambo asanagwire mtengo. Choncho mdani wa luso la pa Mua si kompyuta kwenikweni, koma kusowa kwa ogula a kuno ofuna zinthu zovuta. Matchalitchi, masukulu, mahotela ndi maofesi a boma akamagula mafano apulasitiki ndi zithunzi zosindikizidwa kunja, osema amatsala ndi mlendo wodutsa yekha, ndipo mlendo wodutsa amatha kusowa, monga zidachitikira mu 2020 pomwe mliri wa Covid-19 udaimitsa ndege ndi maulendo.

Pali dandaulo lachinayi lomwe limanong'onedwa: kuti zidatengera wansembe wachizungu kuti luso la Achewa lilemekezedwe, ndi kuti malo omangidwa pa masomphenya a munthu mmodzi amagwedezeka mwini wake akakalamba. Gawo lachiwirilo ndi chenjezo loyenera kwa malo aliwonse otere. Gawo loyambalo likusokoneza kulemekezedwa ndi kukhalapo. Amisiri amene Bambo Boucher adawapeza mu 1976 sadaphunzire kusema kwa iye. Adaphunzira kwa makolo awo, m'zaka zomwe mpingo unkawatcha akunja. Chimene iye adabweretsa ndi msasa, msika watsopano, mabuku ndi chitetezo cha mishoni. Zimenezi n'zazikulu, koma n'zomwe Amalawi eniake, mpingo, mafumu a kwa Kachindamoto, bungwe la Chewa Heritage Foundation ndi nthambi ya boma yoona za chikhalidwe, angathe kuzipitiriza ngati atafuna.

Chovuta kupitiriza ndi zinthu ziwiri zomwe ndalama sizifulumizitsa. Choyamba ndi mtengo. Zigoba zimafuna mitengo yopepuka yosavuta kuboola, koma mafano ndi zitseko za m'tchalitchi zimafuna mbawa, mlombwa, muwanga kapena phingo, ndipo phingo amatenga zaka 70 kapena kuposerapo kuti afike posemeka. Nkhalango za Mua-Livulezi ndi Mua-Tsanya, zomwe zazungulira mishoni, zikupanikizidwa ndi ootcha makala, ocheka matabwa ndi ofuna minda, ndipo matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa msewu wa Salima amagulidwa msanga kuposa fano lililonse. Osema amanenedwa kuti akutha mitengo, koma mtengo umodzi wa mlombwa umapatsa wosema ntchito ya miyezi, pomwe uvuni umodzi wa makala umadya mitengo yambiri pa sabata imodzi. Chachiwiri ndi nthawi ya wophunzira. Mnyamata amayamba ndi kupala ndi kusalaza ntchito za ena, kenako amapatsidwa sompho kuti achotse zikuluzikulu, ndipo pamapita zaka asanaloledwe kugwira nkhope, pomwe kulakwitsa kamodzi kumawononga chipika chonse. M'zaka zimenezo amapeza zochepa kuposa mnzake woyendetsa kabaza wa njinga yamoto pa Golomoti kapena wopita ku Johannesburg, ndipo makolo ake amaziona. Msasa wa osema ukataya ophunzira a zaka 10 zotsatizana, nyumba ya Chamare idzatsegulidwabe m'mawa uliwonse, alendo adzalipirabe pakhomo, ndipo padzapita nthawi yaitali wina asanazindikire kuti zinthu zatsopano zidasiya kulowamo.